Ndege za Asilikali Zikagwa, Mlandu Umagwera Ndani?

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE]

MUULUTSI: Lero tikamba za ndege za asilikali zimene zinagwa popanda mdani kuziwombera, ndi zimene ofufuza anapeza atatolera zidutswa zake.

Poyamba mudziwe ichi. Ndege zonyamula anthu wamba zimayendera malamulo a pangano limene mayiko anasainirana ku Chicago mu 1944. Pangano lomwelo limanena kuti ndege za asilikali, za apolisi ndi za akasitomu sizili m'gulu limeneli. Ndiye kuti ndege ya asilikali ikhoza kunyamuka ilibe zipangizo zina zimene ndege ya kampani singaloledwe kuuluka popanda, ndipo ikagwa, kawirikawiri ofufuza amakhala eni ake omwewo. Mbali ina nzomveka, poti kunkhondo munthu sadikira kuti kunja kuche bwino. Koma ndege zomwezi zimanyamulanso apulezidenti, nduna, timu ya mpira, ngakhale maliro amene.

Lipoti la ngozi likatuluka, ambiri timangogwira mzere umodzi wakuti woyendetsa analakwitsa, basi n'kutseka wailesi. Ine ndikupemphani kuti usiku uno tiwerenge mizere ya pamwamba pake, imene imanena amene anakonza ndegeyo, amene anaituma, ndi amene anamva chenjezo n'kukhala chete.

Munthu woyamba kufa pa ngozi ya ndege ya injini anali msilikali. Pa 17 Sepitembala 1908, ku Fort Myer m'dziko la America, Orville Wright ankaonetsa ndege yake kwa asilikali amene ankafuna kuigula, atanyamula Lefutenanti Thomas Selfridge. Ali m'mwamba pulopela imodzi inang'aluka, inakola waya wogwira chiwongolero cha kumchira, ndege n'kugwa chamutu. Wright anathyoka mwendo ndi nthiti koma anapulumuka. Selfridge anasweka mutu, ndipo anamwalira madzulo a tsiku lomwelo. Pamenepa vuto linali poyera: thabwa linalephera. Ngozi zotsatira sizinakhalenso zosavuta kumasulira chonchi.

Tifike pa 30 Okutobala 1935, pa bwalo la asilikali la Wright Field ku Ohio. Kampani ya Boeing inabweretsa ndege yatsopano yoponya mabomba, ya injini zinayi, yotchedwa Model 299. Pa mpikisano wofuna kupeza ndege yoti asilikali agule, iyi inali itasiya zinzake kutali. Pampando panakhala Mejala Ployer Hill, mkulu wa oyesa ndege pabwalopo, munthu amene luso lake panalibe wolikayikira. Kumbuyo kwake kunali Leslie Tower, woyesa ndege wamkulu wa Boeing. Ndege inathamanga, inadzuka bwinobwino, koma mphuno yake inangopitiriza kuloza kumwamba osafuna kutsika. Liwiro linatha, inapendekera mbali imodzi, n'kugwa n'kuyaka anthu akuona. Hill ndi Tower anafa ndi mabala a ngoziyo.

Chinachitika n'chiyani? Ndege ikaimikidwa pabwalo, mphepo imamenyetsa tizitseko ta kumchira timene timaiwongolera. Pofuna kuteteza zimenezi, a Boeing anaika loko yotsekera mkati, m'chipinda cha oyendetsa. Tsiku limenelo palibe anakumbukira kuitsekula. Ananyamuka chiwongolero chili chokhoma.

Chimene chimandisangalatsa ndi maganizo a anzake a Hill pambuyo pa maliro. Akanatha kunena kuti tionjezere maphunziro, koma ukamuphunzitsanso chiyani munthu amene ndiye ankaphunzitsa ena? Anavomereza kuti ndegeyo ili ndi zinthu zambiri zoti mutu umodzi usunge, ndipo analemba kakhadi ka mndandanda wa zoyenera kuona asanalize injini, asananyamuke, asanatere ndiponso atatera. Wina amawerenga mokweza, mnzake amagwira chinthucho n'kuyankha. Asilikali anaitanitsa ndege 13 zoyesera, ndipo pomaliza ndege imeneyi, imene inadzatchuka ndi dzina lakuti B-17, inapangidwa yoposa 12,000. Kakhadi kaja ndiko kamene oyendetsa ndege padziko lonse amawerenga mpaka lero, ndipo madokotala a opaleshoni anatengerako.

B-17 yomweyo inaphunzitsanso china pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndege zinkabwera bwinobwino, n'kutera, kenako zikuthamanga pabwalo matayala n'kupindika, ndege n'kukhala pamimba. Malipoti ankalemba chimodzimodzi kuti woyendetsa walakwitsa. Katswiri wina wachinyamata wa maganizo a anthu, Alphonse Chapanis, anakwera m'chipinda cha oyendetsa kuti aone ndi maso ake. Anapeza maswichi awiri ofanana ndendende, oyandikana. Ina inali yokweza tizigawo ta kumbuyo kwa phiko timene timatsitsidwa potera, ina yokweza matayala. Zinali ngati kuika chitini cha mchere ndi cha shuga zofanana pa shelefu imodzi mumdima, kenako n'kumakalipira wophika tiyi. Munthu wotopa, maso ali panja, dzanja limangopita. Chapanis anamata kagudumu ka labala pa swichi ya matayala, ndi kachidutswa kooneka ngati phiko pa inzakeyo, kuti dzanja lizizindikira lokha osayang'ana. Vutolo linazilala. Mukadzaona chithunzi cha m'chipinda cha oyendetsa ndege ya masiku ano, fufuzani chogwirira chotsitsa matayala, mudzapeza kunsonga kwake kuli kagudumu.

[NYIMBO YAIFUPI]

MUULUTSI: Tsopano tibwere kufupi ndi kwathu, pa ngozi imene achikulire ambiri a ku Zambia amakumbukira ngakhale malo amene anali pamene anaimva.

Mu Epulo 1993 timu ya dziko la Zambia inali pamoto. Pa 25 inakagonjetsa Mauritius kwawo komweko ndi zigoli 3 kwa duu, zonse zitatu atamwetsa Kelvin Mutale. Masewero otsatira anali ku Dakar, ndi Senegal, olimbirana malo ku mpikisano wa dziko lonse wa 1994. Bungwe la mpira linalibe ndalama zokwanira kukwera ndege za makampani, choncho monga linkachitira nthawi zina, linadalira ndege ya asilikali a m'mlengalenga a Zambia, ya mtundu wa DHC-5 Buffalo, yopangidwa ku Canada.

Buffalo ndi ndege yabwino pa ntchito yake. Anaipanga kuti izinyamula asilikali ndi katundu, n'kumatera pa mabwalo afupiafupi a fumbi. Koma kuchoka ku Lusaka kukafika ku Dakar ndi makilomita pafupifupi 6,000, ndipo ndege ya mapulopela ngati imeneyi inafunika kuima katatu kuthira mafuta: ku Brazzaville, ku Libreville, ndi ku Abidjan. Ndege yeniyeniyo inayamba ntchito mu 1975, ndipo inali itangokhala pansi miyezi ingapo osauluka, kuyambira kumapeto kwa 1992 mpaka masiku ochepa ulendowu usanachitike. Poiyendera asananyamuke, amakaniko anapeza zizindikiro za matenda mu injini, monga tinyenyeswa takuda m'zosefera oilo. Ulendo unapitirira. Atafika ku Brazzaville, injini inaonetsanso vuto. Ulendo unapitirirabe.

Usiku wa pa 27 Epulo ananyamuka ku Libreville. Patangopita kanthawi kochepa, injini ya kumanzere inagwira moto. Woyendetsa anazimitsa injini ya kumanja, yomwe inali yabwino. Ndege inatsala yopanda mphamvu iliyonse ikadali pansipansi, ndipo inagwera m'nyanja ya Atlantic, pafupifupi mamita 500 kuchokera kumtunda. Onse 30 anathera pomwepo: osewera 18, mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu ndi womuthandiza Alex Chola, akuluakulu ena, ndi asilikali 5 oyendetsa ndegeyo. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV m'dziko la Netherlands, ndipo anakonza zokakumana ndi anzake ku Dakar.

Ndikudziwa kuti wina kunyumbako wagwira pakamwa kuti, munthu wophunzira angazimitse bwanji injini yamoyo? Tiyeni tikhale pampando wake kwa masekondi ochepa. Ndege ya injini ziwiri ikataya imodzi, yotsalayo imakankha mbali yake yokha, mphuno n'kukhotera kumene kuli injini yakufa. Woyendetsa amaponda chopondera cha phazi limodzi mwamphamvu kuti aibweze. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kuti phazi limene likungokhala ndilo likuloza injini yakufa. Amaphunzitsidwanso kuti asathamangire kuzimitsa: ayambe wabweza pang'onopang'ono chogwirira cha injini imene akuiganizirayo, aone ngati chilichonse chisinthe, mnzake atsimikize, ndiye azimitse. Masana, ali pamwamba, pali nthawi yochitira zonsezi. Koma apa kunali usiku, kutsogolo kuli nyanja yakuda bii, osaona polekezera madzi ndi poyambira thambo, ndege yolemedwa ndi mafuta amene angothira kumene, alamu ikulira. Lipoti la boma la Gabon linatchula za chizindikiro cha m'chipinda cha oyendetsa chimene sichinkaonetsa zoona, komanso kutopa, pakuti woyendetsa yemweyo ndiye anali atabweretsa timuyo kuchokera ku Mauritius dzulo lake.

Ndipo asanene wina kuti zimenezi n'za ku Africa kuno. Mu Januwale 1989, oyendetsa ndege ya British Midland anazimitsa injini yabwino pafupi ndi Kegworth ku England, anthu 47 n'kufa. Mu 2015 zinachitikanso ku Taipei. Kwa ine, dzanja limene linazimitsa injini ku Libreville ndi lomaliza pa mzere wa manja ambiri. Panali dzanja limene linasaina kuti ndege ili bwino, limene linalemba kuti munthu mmodzimodziyo aulukenso mawa lake, ndi limene silinatulutse ndalama za matikiti.

Lipoti la Gabon linatuluka mu 2003, patatha zaka 10. M'zaka zimenezo mphekesera zinadzaza malo: ena ankati ndegeyo inawomberedwa, ndipo ubale wa Zambia ndi Gabon unazizira kwa kanthawi. Mabanja ankapita ku manda a Heroes' Acre, pafupi ndi bwalo la Independence mu Lusaka, chaka ndi chaka alibe yankho. Chikho cha Africa chimene Zambia inadzatenga mu Libreville momwemo mu 2012 chinapukuta misozi, koma sichinayankhe funso la amene analola ndegeyo kuchoka ku Brazzaville.

[NYIMBO YAIFUPI]

MUULUTSI: Pali vuto lina limene limavuta kwambiri m'ndege za asilikali kuposa za makampani. Usilikali umayendera maudindo, ndipo wamng'ono sayankha wamkulu. Koma m'ndege, malamulo amati wamkulu ndi amene wagwira chiwongolero, ngakhale kumbuyo kutakhala mtsogoleri wa dziko. Malamulo awiriwa akawombana, pamafunika munthu wa mtima wolimba.

Mu Ogasiti 2008, Pulezidenti Lech Kaczyński wa ku Poland, ali paulendo, anafuna kuti ndege yake ikatere ku Tbilisi m'dziko la Georgia, kumene kunali nkhondo. Woyendetsa anakana, n'kukatera ku Azerbaijan monga zinakonzedwera. Nkhaniyo inabuka kwambiri, ndipo andale ena anamunena kuti ndi wamantha. Wachiwiri wake paulendo umenewo anali Arkadiusz Protasiuk, ndipo zonse zinachitika iye akuona.

Pa 10 Epulo 2010, Protasiuk ndiye anali pampando wamkulu wa ndege ya asilikali ya Tupolev Tu-154, atanyamula pulezidenti yemweyo, mkazi wake, akuluakulu onse a asilikali, aphungu ndi atsogoleri a mipingo. Ankapita ku mwambo wokumbukira zaka 70 chiphedwere asilikali a Poland ku Katyn, ndipo ananyamuka mochedwa. Pa bwalo la Smolensk ku Russia panali chifunga choti munthu sankaona kupitirira mamita 400, kenako chinakula. Oyendetsa anauzidwa zimenezi kangapo, ndipo iwo eni ananena kuti mwina sizitheka kutera, koma anati ayese kaye. Anatsika kupyola malire ololedwa, kachipangizo kochenjeza kakufuula kuti kwezani ndege, kwezani ndege. Phiko la kumanzere linagunda mtengo n'kuduka, ndege inatembenuzika chagada, ndipo onse 96 anafa.

Ofufuza a ku Russia analoza chala oyendetsa ndi chipsinjo chochokera kwa akuluakulu. Komiti ya boma la Poland mu 2011 inavomereza kuti oyendetsa analakwitsa, koma inaonjeza kuti owongolera ndege a pabwalopo ankawauza kuti ali panjira yoyenera pamene sanali, ndiponso kuti maphunziro m'gulu la asilikali lonyamula akuluakulu anali atalowa pansi. Nduna ya zachitetezo inatula pansi udindo, gulu lonselo n'kuthetsedwa. Komiti ina ya pambuyo pake inati m'ndegemo munaphulika bomba, ndipo nkhaniyi imagawabe anthu a ku Poland. Ine ndimaona kuti palibe anafunika kulamula kuti terani. Kuchedwa kwa mwambo, anthu amene akhala kumbuyo, ndi zimene zinamuonekera mnzake uja mu 2008, zinali zokwanira kulemetsa dzanja la munthu. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma m'chipinda chimenecho panalibe anatsina mnzake khutu mokwanira.

Ku Smolensk kunali makina ojambula mawu, n'chifukwa chake tikudziwa zimene zinanenedwa. Nanga kumene kulibe? Pa 2 Juni 1994, helikoputa ya Chinook ya asilikali a Britain inachoka kufupi ndi Belfast itanyamula akatswiri 25 a zaukazitape ndi chitetezo. Inakagunda phiri la Mull of Kintyre ku Scotland muchifunga, anthu 29 onse n'kufa. Munalibe kabokosi kojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege, kamene ambiri amakatcha black box. Ofufuza oyamba sanapeze chifukwa chotsimikizika. Komabe akuluakulu awiri a asilikali anagamula mu 1995 kuti oyendetsa awiriwo, Jonathan Tapper ndi Richard Cook, anachita mphwayi yaikulu. Izi anachita ngakhale lamulo lawo lomwe linkati wakufa asapezeke wolakwa pokhapokha patakhala popanda chikayiko chilichonse, ndiponso ngakhale akatswiri oyesa ndege za asilikali anali atadandaula kale za mapulogalamu a kompyuta oyendetsa injini za helikoputa za mtundu umenewo, umene unali watsopano. Wakufa sayankha mlandu, ndiye n'kosavuta kumusenzetsa katundu yense. Mabanja a anyamata awiriwo sanagone. Anagogoda zitseko za aphungu ndi nduna mpaka mu 2011, pamene kafukufuku wina anachotsa chigamulocho, nduna ya zachitetezo n'kupepesa m'nyumba ya malamulo. Zaka 17 zinali zitadutsa chichitikire ngoziyo.

Omvera, sindingamalize osatchula bala lathu, ngakhale lisanapole. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali a Malawi ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe m'mawa, kulowera ku Mzuzu. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena 8, popita ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Aliyense amene anadutsapo pa msewu wa Chikangawa mu Juni akudziwa mmene nkhungu imakhalira pa mapiri a Viphya, moti ngakhale woyendetsa basi amayatsa magetsi masana. Ndegeyo sinafike ku Mzuzu, ndipo inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango, onse atamwalira.

Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Jaji Jabbar Alide inanena mu Disembala 2024 kuti ngoziyo inadza chifukwa cha nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu. Amalawi ambiri akadali ndi mafunso, ndipo si ntchito ya pulogalamu ino kuwatseka pakamwa kapena kuonjezera mphekesera. Koma tamvani zimene akatswiri a ku Germany, kumene ndegeyo inapangidwa, anapeza. Munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, munalibenso ojambula kayendedwe ka ndege, moti njira imene inadutsa anachita kuitola m'kachipangizo ka GPS kamene oyendetsa ankagwiritsa ntchito. Ndiye pali kawailesi kena kakang'ono kamene ndege imakhala nako, kamene kamayamba kokha kutumiza uthenga ndege ikagunda pansi, kuti opulumutsa adziwe kolowera. M'ndege imeneyi kanalimo. Batire yake inatha nthawi yogwira ntchito mu 2004.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

[NYIMBO YOTSEKERA]